Funso Limodzi Patsiku: Kulemba Dayale pa Foni

M'kampu masiku amafanana, ndipo munthu akafuna kulemba za tsiku lake amasowa poyambira. N'chifukwa chake ma app ena a dayale amakupatsani funso loti muyankhe. App ya Day One, yomwe imapezeka pa Android ndi pa iPhone, imabweretsa funso latsopano tsiku lililonse. Nayonso Journal, imene kampani ya Apple inatulutsa mu December 2023, ili ndi mafunso otere, koma siigwira pa mafoni a Android monga Itel ndi Tecno.

Kodi kulembako n'kwa phindu lanji? Pa kafukufuku amene zotsatira zake zinafalitsidwa mu 1986, katswiri wa zamaganizo wa ku America, James Pennebaker, anapempha ophunzira a payunivesite kuti azilemba za zowawa zimene anakumana nazo kwa mphindi 15 patsiku, masiku 4 otsatizana. M'miyezi yotsatira, amene analemba zomwe zinachitika pamodzi ndi mmene ankamvera mumtima sanapite kuchipatala kawirikawiri ngati anzawo. Kulemba si mankhwala ayi, koma kumathandiza kuti maganizo ozungulira m'mutu akhale pansi.

Funso la mu app si mayeso a kusukulu. Ngakhale litabwera m'Chingelezi, yankhani m'chinenero chimene mumaganizira, kaya Chichewa, Chiswahili kapena Chipwitikizi. Ziganizo zitatu n'zokwanira. Tchulani chinthu chenicheni: m'malo molemba kuti “lero zinali bwino”, lembani amene anakusungirani malo pamzere wa pamjigo, kapena mawu atsopano amene mwana wanena.

Dziwaninso kuti mafunso ambiri analembedwera anthu a moyo wosiyana ndi wathu. App ingakufunseni za ulendo wa patchuthi kapena za nyumba imene munakuliramo. Kwa munthu amene anathawa kwawo, funso lotere likhoza kutsegula chilonda. Lidumpheni, palibe amene akukukakamizani. Mukhoza kudzilembera mafunso anu mu app wamba yolemberamo, n'kumawasinthasintha. Mwachitsanzo: Ndani wandithandiza lero? N'chiyani chimene ndingathe kukonza mawa ndi manja angawa? Ndi nkhani iti ya kwathu imene ndikufuna ana anga adzaidziwe?

Ngati mwalemba za zowawa ndipo mtima ukuthamanga kapena tulo tasowa kwa masiku angapo, imani kaye. Pitani kwa alangizi a uphungu kapena kuchipatala cha m'kampu. Mutu umodzi susenza denga.

Chinsinsi chanu chitetezeni. Foni imabwerekedwa kwa abale, imasiyidwanso kotchajitsa. Ikani nambala yachinsinsi pa app yeniyeniyo, osati pa foni pokha. Anthu amene anatsala kwanu musawalembe mayina onse kapena kumene akukhala. Chilembo choyamba cha dzina n'chokwanira. Kulemba sikufuna bandulo, koma kusunga zolembazo pa intaneti kumafuna. Mukapeza data, onani ngati app yanu yasunga, chifukwa foni ikabedwa kapena kufa, zosasungidwazo zapita.

Amene alibe foni yotere asadandaule, kope ndi cholembera zimagwira ntchito yomweyo. Sankhani nthawi imodzi, monga mukatha kudya madzulo, lembani deti pamwamba, ndipo yankhani funso limodzi lokha. Pakatha mwezi, werengani zonse kuyambira pa tsiku loyamba.