Njinga Yamoto Yatsopano: Iyendetseni Mofatsa Poyamba

Fodya akagulidwa ku okushoni ya ku Kanengo, alimi ambiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi amaganiza zogula njinga yamoto. Maganizo amenewa ndi abwino, pakuti dera lathuli ndi la mapiri, ndipo njinga yakapalasa imatopetsa pa zitunda za ku Mvera kapena popita ku nkhalango ya Ntchisi. Koma tikumbukire kuti mlimi, makamaka tenanti, amalandira ndalama kamodzi pa chaka. Injini ikafa m'mwezi woyamba, ndiye kuti thukuta la chaka chonse lapita pachabe.

Musanapereke ndalama funsani ngati zida zosinthira za njingayo zimapezeka pafupi, monga pa Mponela, pa Madisi kapena pa Malomo. Njinga yokongola yosowa zida imangokhala chokongoletsa khonde. Funsaninso mtundu wa injini. Njinga zina, monga Yamaha DT125, zimawotcha oyilo wapadera wotchedwa 2T pamodzi ndi petulo, ndipo oyiloyo akatha injini imagwira. Zina, monga Bajaj Boxer, zimasunga oyilo m'kati mwa injini, ndipo mumangomusintha nthawi ikakwana. Musachoke m'sitolo opanda lisiti ndi kabuku ka malangizo, ndipo onani ngati nambala za pa injini ndi pa chitsulo cha njinga zikufanana ndi zolembedwa m'mapepala.

Kodi nchifukwa chiyani njinga yatsopano imafuna kuleza mtima? Zitsulo za m'kati mwa injini zimakhala zisanazolowerane. Pa makilomita oyamba zimakhulana pang'onopang'ono mpaka kusalala, ndipo tizidutswa tachitsulo timagwera mu oyilo. Mukaithamangitsa nthawi imeneyi injini imatentha, zitsulo zimakandika, ndipo pambuyo pake njingayo imayamba kufuka utsi ndi kudya oyilo.

Choncho pa makilomita 1,000 oyamba chitani izi. M'mawa ilizeni kwa mphindi ziwiri kapena zitatu musananyamuke. Musapotoze moto kupitirira theka. Muzisinthasintha liwiro ndi magiya, osati kuyenda ndi liwiro limodzi mtunda wautali. Mukayenda theka la ola, imani kuti injini ipume. Yambani ndi malo a chidikha a pakati pa Mponela ndi Madisi, mapiri mudzawayendera pambuyo pake. Matumba a feteleza ndi a mtedza ayambe adikira ngolo. Oyilo woyamba musintheni pa nthawi imene kabuku kanena, kawirikawiri pakati pa makilomita 500 ndi 1,000, ngakhale akuwonekabe woyera.

Mukayamba kukwera mapiri, lowetsani giya yaing'ono musanafike pachitunda, injini isachite kubuula. Potsika mtsetse musazimitse injini pofuna kusunga petulo. Tsikani muli m'giya yaing'ono yomweyo ndi kugwira mabuleki onse awiri mofatsa, chifukwa mabuleki okha akatentha amaleka kugwira. Miyezi ya June ndi July ndi yabwino kuphunzira, misewu ikadali youma. Mvula ikayamba mu November dothi la katondo limaterera kwambiri.

Fumbi nalo ndi mdani. Sabata iliyonse tsukani sefa ya mpweya, thirani oyilo pa tcheni, ndipo mangani mabawuti ndi masipoko amene akhwefuka ndi mabampu. Tcheni chisakhale cholimba kwambiri: chizigwedera masentimita awiri kapena atatu.

Pomaliza, lembetsani njingayo ku ofesi yowona za pamsewu, dulani inshuwalansi, tengani layisensi, ndipo inu ndi wokwera kumbuyo muzivala chisoti nthawi zonse. Ng'ombe yaing'ono sitiimangirira ku pulawo tsiku lonse pa ulendo woyamba. Njinga yamoto nayonso mukaizoloweza bwino idzakutumikirani zaka zambiri.