Kupima Ukali wa Asidi ndi Madontho

Pa migodi ya mkuwa asidi ali wanchito wamkulu. Ndiye asungunula mkuwa m'miyala yoperedwa, natumikiranso poyenga mkuwawo ndi magetsi. Koma akapulumuka pamalo pace asanduka mdani. Mu February 2025 damu losungira zotsala za mgodi linagumuka ku Chambishi, ndipo madzi a asidi analowa mu Mwambashi ndi mu Kafue. Nsomba zinafa, mipopi ya ku Kitwe inatsekedwa, ndipo mumtsinje munathiridwa laimu kuti aphe ukaliwo. Wothira laimu ayenera kuyamba wadziwa kuti asidi acuruka motani m'madzimo. Maso sangaone ici, ndipo kulawa nkudzipha. Njira yace ana aiphunzira ku sukulu, nayichula titration.

Asidi ali ndi comuletsa cace, ndico alikali. Madzi a mandimu ndi bwemba ali a mtundu wa asidi. Laimu ndi cidulo cimene amai aphikira therere ziri za mtundu wa alikali. Ziwirizi zikakomana pa muyeso wolingana ziphana mphamvu, ndipo patsala madzi ndi mcere.

Mwana wa sukulu atenga mamililita 25 a asidi wa hydrochloric amene mphamvu yace siidziwika, nawathira m'botolo. Adonthezamo mankhwala ochedwa phenolphthalein, amene saonetsa mtundu uli wonse mu asidi koma afiira mu alikali. Pamwamba pa botolo paima burette, ndiwo mpope wagalasi wautali, wolembedwa mizere, wokhala ndi kotsekera kunsi. M'menemo muli soda wa sodium hydroxide wa mphamvu yodziwika: mole 0.1 pa lita imodzi. Mole ndiwo muyeso wowerengera tinthu tosaoneka ta mankhwala, monga thumba liri muyeso wa cimanga.

Tsono mwanayo atsegula pang'ono, nagwedeza botolo kosaleka. Kufiira kuoneka, kuzimirira, kuonekanso. Dontho limene kufiira kwace sikucokanso ndilo lotsiriza. Pomwepo atseka nawerenga mzere.

Ngati soda wolowa ali mamililita 20, masamu ace ndi awa: acurukitsa 20 ndi 0.1, napeza 2. Agawa 2 ndi 25, napeza 0.08. Asidiyo ali ndi mole 0.08 pa lita. Koma asidi wa ku migodi ndi sulphuric, amene kanthu kace kamodzi kadya tiwiri ta soda. Cotero iye yankho lace ligawidwa pawiri, likhala 0.04.

Wopima wanzeru sakhulupirira muyeso umodzi. Abwereza kufikira miyeso iwiri kapena itatu yabvomerezana, cifukwa dzanja lofulumira lipitiriza madontho, ndipo nambala ituruka yonama. Nambala yonama ku sukulu ilepheretsa mayeso cabe. Pa damu la mgodi, ikakhala yocepa, icepetsa laimu, ndipo asidi wotsala apita kwa omwa madzi kunsi kwa mtsinje.