Kodi Munthu Angalumikize Yekha Gitala Yamagetsi?

Ana inu, tsiku lina kutchalitchi kapena paukwati oyimba akapumula, mukapemphe mwaulemu woyimba gitala yamagetsi kuti azule chingwe chopita ku ampulifaya, kenako alize nsambo zake. Mudzadabwa. Gitala imene inali kugwedeza holo yonse ija idzangolira motsitsa, moti amene ali pakhomo sadzamva kanthu. Mukaiyang'anitsitsa mudzaona kuti ilibe chibowo chapakati chimene chimakuza mawu a gitala wamba. Ndi thabwa chabe, lopalidwa bwino ndi kupakidwa penti. Nanga mawu amphamvu aja amachokera kuti?

Yankho lili kunsi kwa nsambo. Pamenepo pamakhala timabokosi tiwiri kapena titatu totchedwa ma pickup. Mkati mwa kalikonse muli maginito okulungidwa ndi waya wakopa woonda zedi, woti mutagoneka mawaya 16 moyandikana angodzaza milimita imodzi. Wayayo amazungulira maginito maulendo pafupifupi 8,000, ndipo mutamumasula yense angafike pafupifupi kilomita yathunthu. Kilomita, m'kabokosi kokwana m'manja mwanu!

Nsambo za gitala yamagetsi ndi zachitsulo. Zikakhala pafupi ndi maginito, zimatengerako mphamvu yake. Woyimba akaliza nsambo, iyo imanjenjemera, mphamvu ya maginito ija imagwedezeka nayo limodzi, ndipo m'waya wakopa uja mumabadwa magetsi ochepa kwambiri. Amene anatulukira kuti maginito akamasuntha pafupi ndi waya amabala magetsi ndi Michael Faraday, ku London m'chaka cha 1831, magitala amagetsi asanabwere n'komwe. Chosangalatsa n'chakuti magetsiwo amavina motsatira nsambo. Nsambo yachiwiri kuchokera kumwamba imanjenjemera maulendo 110 pa sekondi imodzi, ndipo magetsi m'waya amapita uku ndi uku maulendo 110 omwewo. Ampulifaya imalandira kamagetsi kofooka kameneka n'kukapatsa mphamvu, sipika n'kukasandutsa mawu.

Ndiye kuti magitala ambiri amagetsi sakoka magetsi kukhoma, ndiponso alibe batire. Amapanga okha magetsi awo. Ngati kunyumba kuli wailesi yakufa, pemphani akulu akuchotsereni maginito a kuseri kwa sipika yake. Ayandikizeni ku waya wachitsulo, muone mmene agwirire. Kenako ayandikizeni ku ulusi wowedzera nsomba. Palibe chochitika. N'chifukwa chake nsambo zapulasitiki sizingalire pa gitala yamagetsi.

Tsopano ku funso lathu. Inde, munthu angalumikize yekha gitala yotere, ndipo woyenera kumuthokoza ndi Leo Fender wa ku Fullerton, ku California m'dziko la America. Bambo ameneyu anali wokonza mawailesi, ndipo kuyimba gitala sankadziwa. Mwina n'chifukwa chake ankaiona gitala ngati makina oyenera kumasulidwa ndi kukonzedwa mosavuta. Magitala akale ankamatidwa khosi ndi guluu, moti likathyoka, ntchito yake inali yaikulu. Fender, pa gitala imene anatulutsa mu 1950, yomwe pambuyo pake inatchedwa Telecaster, anamangirira khosi ku thupi ndi masikuluu anayi basi. Anachitanso chimodzimodzi pa Stratocaster mu 1954. Kuyambira pamenepo anthu anazindikira kuti akhoza kutenga khosi kuno, thupi uko, ma pickup kwina, n'kupanga gitala imene sitolo iliyonse ilibe.

Mmodzi mwa anthuwo anali mnyamata wotchedwa Eddie Van Halen. Anabadwira ku Netherlands mu 1955, ndipo banja lake linasamukira ku Pasadena, ku California, iye ali mwana. Eddie ankakonda maonekedwe ndi kagwiridwe ka Stratocaster, koma ankafuna mawu onenepa a magitala a Gibson. Gitala yokhala ndi zonse ziwiri kunalibe, ndipo ndalama zambiri analibe. Choncho anagula thupi pamtengo wa madola 50. Linatsika mtengo chifukwa thabwa lake linali ndi mfundo, ndipo ogula ena ankalinyoza. Khosi anagula madola 80. Pickup anazula pa gitala yake ina ya Gibson, koma inakana kulowa m'malo mwake chifukwa inali yaikulu. Anatenga tchizulo n'kusema bowolo mpaka inalowa.

Panali vuto lina. Ampulifaya ikakwezedwa kwambiri, timawaya ta mkati mwa pickup tinkanjenjemera tokha n'kumatulutsa phokoso lobaya m'makutu. Eddie anasungunula phula la makandulo, n'kuviikamo pickup ija kuti phulalo ligwire timawaya tonse tisasunthe. Pa zotembenuza mawu anangolumikiza chimodzi chokha, chokweza ndi kutsitsa. Penti nayo anapaka yekha: anayamba ndi yakuda, n'kumata tepi mopingasapingasa, n'kupopera yoyera pamwamba. Atamatula tepi panatsala mizere yakuda. Gitala imeneyi ndi imene ili pachikuto cha chimbale choyamba cha gulu la Van Halen cha mu 1978. Chaka chotsatira anawonjezera yofiira, ndipo penti yake inali yopakira njinga. Anthu anaitcha Frankenstrat. Mu 2007 kampani ya Fender inapanga magitala 300 ofanana nayo, mikwingwirima ndi zipsera zomwe, iliyonse n'kumagulitsidwa madola 25,000.

Mwaona pamene Eddie anaika ndalama zambiri? Pakhosi. Ine ndikuti anaganiza bwino. Thupi likhoza kukhala ndi mfundo kapena penti yosuluka, gitala n'kumalirabe bwino. Pickup yogwiritsidwapo kale ntchito imagwira ngati yatsopano, bola waya wake asakhale woduka. Koma khosi lopindika silikhululuka. Nsambo zisanu ndi imodzi zikakungidwa zimakoka khosi ndi mphamvu yoyandikira kulemera kwa thumba la chimanga la makilogalamu 50, usana ndi usiku, chaka ndi chaka. Kuti lisagonje, mkati mwake amabisamo ndodo yachitsulo imene imamangidwa kapena kumasulidwa pang'ono ndi kiyi. Zokungira nsambo za kumutu nazonso zisakhale zotchipa mopitirira, chifukwa zikamaterereka woyimba amangokhalira kutchuna m'malo moyimba.

Ntchito yolumikiza imayambira pamene khosi limakumana ndi thupi. Pathupi pali kamphako kamene tsinde la khosi limakhalamo, ndipo liyenera kulowa mothina, osagwedera. Apa ambiri amagwa nazo, chifukwa tsinde la khosi la Stratocaster ndi lozungulira kumapeto, pamene la Telecaster ndi lamakona. Wogula mosayang'ana amazindikira atafika kale kunyumba. Khosi likalowa, mmisiri sathamangira kuboola. Amayamba wamanga ulusi uwiri m'malo mwa nsambo yoyamba ndi yomaliza, n'kuona ngati uliwonse wasiya mpata wofanana m'mbali mwa khosi. Ukapendekera mbali imodzi, amalisuntha pang'ono mpaka ziwongoke. Akakhutira amaboola timabowo tating'ono totsogolera sikuluu kuti thabwa lisang'ambike, ndipo pa choboolera amakulungapo katepi kosonyeza polekezera, kuopa kutulukira kutsogolo kwa khosi.

Tsopano tafika pamene ndimapakonda kwambiri, pa masamu. Nsambo iliyonse imagona pa zinthu ziwiri: kachidutswa ka kumutu kotchedwa nut, ndi chitsulo cha pathupi chotchedwa bridge. Pa magitala a mtundu wa Fender, mtunda wa pakati pa ziwirizi ndi mamilimita 648. Pakhosi pali tizitsulo topingasa totchedwa ma fret. Woyimba akadinikiza nsambo pa fret, mbali yonjenjemera imafupika, ndipo nsambo yaifupi imanjenjemera mofulumira, mawu ake n'kukwera. Fret ya nambala 12 ili pakati penipeni, pa mamilimita 324. Nsambo ija yonjenjemera maulendo 110, mukaidinikiza pamenepo imanjenjemera maulendo 220, ndipo khutu limamva liwu lomwe lija koma lokwera, monga zimakhalira abambo ndi ana akamayimba nyimbo imodzi.

Choncho woyika bridge amayeza kuchokera pa nut kufika pa fret ya 12, n'kuyezanso mtunda womwewo kupita kutsogolo. Akaphonya ndi mamilimita ochepa chabe, gitalayo idzalira bwino kumutu, koma chala chikamatsikira kuthupi mawu adzayamba kusemphana ndi a anzake. Ma pickup odula sangakonze zimenezo. Chokonza ndi lula, pensulo yosongoka, ndi munthu wosatopa kuyeza kawiri.

Za mawaya sizichuluka monga mmene zimaonekera. Waya amachoka pa pickup kupita ku chotembenuza chokweza mawu, n'kuchoka apo kupita pobaya chingwe cha ampulifaya. Pali kawaya kenanso kamene sikayenera kuiwalika, kolumikiza bridge ku mbali yotaya magetsi osafunika. Kakasowa, gitala imangong'ung'udza. Mawayawa amalumikizidwa ndi mtovu wosungunula, ndipo chowotcherera chake chimatentha kupitirira madigiri 300. Chonde ana anga, ntchito imeneyi ndi yochita ndi munthu wamkulu wodziwa, monga okonza mawailesi aja. Ndipo ampulifaya musaitsegule m'kati ngakhale itazimitsidwa. Mosiyana ndi gitala, iyo imakoka magetsi kukhoma, ndipo zida zina za m'kati mwake zimasunga magetsi oopsa kwa nthawi.

Nsambo zikamangidwa, pamatsala kutchuna. Pa bridge nsambo iliyonse ili ndi kampando kake koyenda ndi sikuluu. Mmisiri amaliza nsambo osaidinikiza, kenako amaidinikiza pa fret ya 12 n'kumvetsera. Liwu likakwera mopitirira, amabweza kampando kumbuyo kuti nsambo italike pang'ono. Likatsika, amakasendeza kutsogolo. Amatero nsambo imodziimodzi mpaka zonse zitagwirizana.

Mwina wina akuti, nanga amene alibe ngakhale ya khosi lomwelo? Mverani za Brian May wa gulu la Queen. Mu 1963, ali ndi zaka 16, ankalakalaka gitala ya Fender koma makolo ake sakanatha kumugulira. Iye ndi bambo ake, a Harold May, amene anali katswiri wa zamagetsi, anaganiza zopanga yawo kunyumba kwawo ku Feltham, kumadzulo kwa London. Khosi analisema kuchokera ku thabwa lakale la pamalo owothera moto m'nyumba, la zaka zoposa 100. Linali lobooledwa ndi tizilombo, ndipo Brian anatseka timabowoto ndi timitengo ta machesi. Timadontho toyera tosonyeza ma fret anatipanga ndi mabatani ochokera m'bokosi losokera la amayi ake. Masipuling'i awiri anawatenga ku injini ya njinga yamoto. Ma pickup anayamba wakulunga yekha, koma sanakhutire nawo, choncho anakagula atatu a kampani ya Burns. Ntchitoyi inawatengera pafupifupi zaka ziwiri. Gitalayo, yotchedwa Red Special, ndi imene wayimbira pafupifupi nyimbo zonse za Queen, ndipo mu 2002 anakwera nayo padenga la nyumba yachifumu ya Buckingham Palace n'kuiliza dziko lonse likuonera. Poliza nsambo amagwiritsa ntchito kandalama kachitsulo kakale ka ku Britain kotchedwa sixpence.

Kwathu kuno luso lotere si lachilendo. Ambiri mwaonapo banjo ya chigubu cha mafuta, ya nsambo za waya wa mabuleki a njinga, ndiponso babatoni ya nsambo imodzi imene a Madalitso Band ayenda nayo mpaka ku Ulaya. Lamulo la ma fret limene Brian May ndi Leo Fender ankatsatira likugwiranso ntchito pa banjo yanu, ndipo nali. Yezani kutalika kwa nsambo kuchokera pamene yagona kumutu kufika pamene yagona pachigubu. Gawani nambalayo ndi 17.8, ndipo yankho lake ndi mtunda wofika pa fret yoyamba. Chotsani mtundawo, n'kugawanso chotsalacho ndi 17.8 kuti mupeze yachiwiri, n'kumapitiriza choncho.

Tiyese ndi nsambo ya mamilimita 500. Fret yoyamba idzakhala pa mamilimita 28 kuchokera kumutu. Atsala 472, ndipo mukagawa mupeza 26 ndi theka, choncho yachiwiri idzakhala pakati pa mamilimita 54 ndi 55. Mudzaona kuti mipata ikunka nichepa, monga zilili pa gitala iliyonse. Kuti mudziwe ngati simunasochere, fret yachisanu igwe pafupi ndi mamilimita 125, yachisanu ndi chiwiri pafupi ndi 166, ndipo ya 12 pa 250. Lembani kaye mizereyo ndi pensulo, mudinikize nsambo ndi kamsomali pa mzere uliwonse n'kumvetsera, musanakhomere fret ngakhale imodzi.