Chipilala cha pa geti chomwe mkati mwake ndi mpweya

Zikwangwani za pa mageti zasintha mu Lilongwe muno. Kale sukulu ya pulaiveti ku Area 25 kapena tchalitchi ku Chinsapo inkakhutira ndi lata lopaka penti, lowotcherera pa mapaipi awiri. Lero aliyense akufuna chipilala chokhala pansi, chotambalala, cha mutu wokhota ndi zilembo zotukuka, choti wodutsa akangochiona adziwe kuti eni malo sanabwere kudzasewera. Zipilala zambiri zotere ndi za njerwa kapena mabuloko. Koma pali njira ina, yomwe kuno sinafale, ndipo pa ntchito yanga yolemba zikwangwani ndi imene imandivuta kwambiri kufotokozera kasitomala. Ndi yomanga chipilala ndi polystyrene, chinthu choyera chopepuka chija chimatchinjiriza firiji kapena wailesi yakanema mu katoni. Pa shopu timangoti fomu, ngakhale si uja wa matiresi.

Ndikangotchula zimenezi nkhope ya kasitomala imasintha. "Amisiri, mukufuna mundigulitse mpweya?" Ena amawonjezera mwambi uja, ati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Pa za mpweyazo sanama. Fomu ameneyu, yemwe anayamba kupangidwa ndi kampani ya BASF ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, pafupifupi magawo 98 pa 100 alionse ndi mpweya wotsekeredwa m'timipira ta pulasitiki. Tiyerekeze chipilala cha mamita awiri m'litali, mita ndi theka kupita m'mwamba, masentimita 40 kuchindikala. Chikakhala cha njerwa zokhazokha chimaposa matani awiri. Fomu wa msinkhu womwewo sapitirira makilogalamu 30. Mukaikamo zitsulo ndi kumata kunja, anyamata anayi amachikweza pa lole yaing'ono osatuluka thukuta.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti fomuyo sanyamula kanthu. Ntchito yake ndi kupereka maonekedwe basi. Mphamvu ya chipilala ili pawiri: pa zitsulo za mkati ndi pa chikopa chomwe timamata kunja. Mmisiri akanyenga pa ziwirizi, mwambi wa mkuyu uja wapherezera.

Timayamba ndi kujambula, pa kompyuta kapena pa pepala, kenaka n'kudula chithunzicho pa mapulaiwudi awiri ofanana omwe timamangirira uku ndi uku kwa fomu. Sitidula ndi sowo, chifukwa timipira tija timabalalika bwalo lonse mpaka m'ndiwo za aneba. Timadula ndi waya wotentha wa nichrome, mtundu womwewo umafiira mu hita, womangika pa uta wa thabwa. Anthu awiri amagwira utawo, wina uku wina uko, n'kumautsetsereka m'mphepete mwa pulaiwudi mofanana liwiro. Wina akafulumira, mutu wa chipilala umatuluka wopendekeka. Wayayo amalandira moto wochepa kudzera pa thiransifoma, osati kulowetsa mu soketi, ndipo timadulira panja chifukwa utsi wake si wabwino pa chifuwa. Kumaiko akunja kompyuta ndi imene imayendetsa wayayo, koma zotuluka zake sizisiyana kwambiri ndi za manja odekha.

Pomatiza zidutswa ndi pomwe ophunzira ntchito amalirira. Petulo, thina, penti wa mafuta, penti wopopera wa m'chitini, ngakhale guluu uja amamatira nsapato, zonsezi zimasungunula fomu mukuona. Mankhwala a polyester omwe ena amakonzera mabampa a galimoto nawonso amamudya. Timagwiritsa guluu wa polyurethane kapena simenti yomatira matailosi. Mkati timasiya mipata iwiri yoimirira, n'kulowetsamo mapaipi otakata omwe pambuyo pake adzavale mizati yoimika chipilalacho. Apa ndimadalira anzanga owotcherera a ku Biwi ndi ku Mchesi, ndipo zowotcherera zonse zimathera kutali fomu asanayandikire, pakuti kamoto kamodzi kokha kamaboola dzenje lolowa chala.

Kenaka chikopa. Ku America amapopera mankhwala otchedwa polyurea omwe amauma m'kanthawi kochepa, koma makina ake si a shopu ya ku Kawale. Ife timapaka simenti yosakaniza ndi mankhwala ogwiritsa, n'kukwiriramo ukonde wa fibreglass simentiyo ikadali yaiwisi, kenaka kupakanso kawiri mpaka kuchindikala kufike mamilimita asanu kapena asanu ndi limodzi. M'makona timaika ukonde kawiri, chifukwa ndi momwe mumagunda wilibala, njinga ya kabaza ndi mpira wa ana. Ukondewu suoneka ntchito ikatha, n'chifukwa chake wofuna kuba amayambira pamenepo. Chipilala chopanda ukonde chimaoneka bwino tsiku lotsegulira sukulu, koma dzuwa la mu October likachiwamba, mvula ya mu December n'kudzachimenya, chimang'aluka. Simentiyo iumire pa mthunzi, pang'onopang'ono, tikuwaza madzi. Ikauma timapaka penti wa madzi wa panja. Pofika apa, munthu woima mita imodzi sangasiyanitse ndi khoma la pulasitala pokhapokha atagogoda.

Za zilembo ndinene mwachidule, ngakhale ndi pomwe timakangana kwambiri ndi makasitomala. Chilembo cha masentimita 10 chimawerengeka bwino pa mtunda wa mamita 12. Wokwera minibasi ali ndi kamphindi kochepa chabe koti aone. Koma abusa amafuna dzina la mpingo, vesi, nthawi za mapemphero onse a sabata, manambala atatu a foni ndi chithunzi chawo pamodzi ndi amayi. Sankhani, abusa. Dzina ndi nambala imodzi n'zokwanira.

Kupepuka kuli ndi mtengo wake: mphepo. Chipilala cha njerwa chimadzikhalira chifukwa cha kulemera, pomwe ichi chimadalira mizati iwiri ya chitsulo yokwiriridwa mu konkire. Maenje ake sindilola kuti achepere masentimita 70, ndipo pa dothi la dambo timapitirira. Konkire ikagwira, timanyamula chipilala n'kuchiveka pa mizatiyo kuchokera pamwamba, n'kumanga ndi mabawuti.

Ine sindikhazika fomu pa dothi, ngakhale m'zithunzi za kunja amatero. Kwathu kuno kuli chiswe. Sichidya fomu, koma chimaboola njira mkati mwake n'kudzazamo dothi. Kulinso moto wa zinyalala ndi wa udzu womwe timayatsa m'mphepete mwa msewu chilimwe chilichonse, ndipo fomu amayamba kufewa kutentha kusanafike n'komwe pa madzi owira. Choncho pansi ndimamanga ndi mabuloko a simenti mpaka m'mawondo, fomu n'kuyambira pamenepo. Ndimasankha mabuloko chifukwa malamulo a mu 2018 analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za bizinesi. Pamalo podutsa anthu ambiri, monga pafupi ndi msika wa kwa Mgona pomwe aliyense adzatsamirapo ndi kukolekapo katundu, ndimauza kasitomala mosabisa kuti amange cha mabuloko chokhachokha.

Musayembekezere kuti n'chotchipa. Ukonde ndi mankhwala timadalira zochokera kunja, ndipo chigwere kwacha ndi magawo 44 pa 100 mu November 2023, mitengo yake sikhala malo amodzi. Phindu lake lili pena. Mutu wokhota ndi timizere tokongoletsa, zomwe zingamutengere womanga masiku ambiri ndi chipande, pa waya wotentha ndi ntchito ya m'mawa umodzi. Komanso chipilalachi chimasamuka. Masukulu ndi zipatala zazing'ono zambiri m'makomboni muno zili pa lendi, ndipo landilodi akakweza mtengo, njerwa zimatsala pomwepo. Taonaninso momwe misewu ya mu mzinda uno yakulira, wa Kenyatta kufika pa mizere isanu ndi umodzi, wa M1 kuchokera pa Crossroads kulowera ku Kanengo. Chomangidwa m'malo a msewu chimagwetsedwa. Cha fomu mumangomasula mabawuti.

Ngakhale zili choncho, musanakumbe dzenje pitani kaye ku khonsolo ya mzinda mukafunse za chilolezo ndi malire a msewu. Ndipo mmisiri akakuuzani kuti amanga cha fomu, musangodikira tsiku lodzalandira. Pitani ku shopu ntchito ili pakati, penti asanapake, mukaone ndi maso anu ngati ukonde ulimo ndiponso kukula kwa mapaipi. Akakukanizani kuona, musamalize kulipira.