Mabuku a Ana Athu ku Makoleji: Kodi Otsika Mtengo Angacokere Kuti?

Makolo ambirife timayesa kuti tikalipira ndalama za sukulu ndi za cakudya, nchito yatha. Komatu mwana wophunzira unamwino, uphunzitsi kapena malamulo afunikanso mabuku, ndipo ambiri a mabukuwo amasindikizidwa kunja. Woyang'anira sitolo ya mabuku pa koleji amawagula ndi madola kapena mapaundi, nalipiranso owanyamula. Kwacha ikagwa, buku limakwera mtengo lisanafike n'komwe pa shelefu.

Vutoli ndi lakale. Pamene University of Zambia inatsegulidwa mu 1966, boma la Britain linali kale ndi makonzedwe ochedwa ELBS, amene anayamba mu 1960. Bomalo linali kulipirako gawo la mtengo, motero ophunzira a m'maiko osauka anali kupeza mabuku a sayansi ndi a udokotala mosavutikira. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zoodera mabuku zinasowa m'dziko muno. Mu 1997 thandizo la ELBS nalonso linatha, ndipo ana ambiri anangodalira fotokope.

Nanga sitolo ya pa koleji ingacitenji lero? Coyamba, makampani aakulu amatulutsa mabuku omwewo a cikuto cofewa ndi mapepala wamba, kawirikawiri osindikizidwa ku India. Wogula angotsimikiza kuti ndi ololedwa kugulitsidwa kuno, osati akuba.

Caciwiri, mutu umodzi susenza denga. Makoleji angapo akaoda pamodzi amatsitsiridwa mtengo, ndipo katundu wobwera pa sitima ya pamadzi, kudzera ku Dar es Salaam, salipiritsa ngati wa pa ndege. Koma ulendo wa pamadzi ucedwa, conco aphunzitsi ayenera kupereka maina a mabuku miyezi ingapo maphunziro asanayambe.

Cacitatu, sitolo ingagule mabuku kwa omaliza maphunziro ndi kuwagulitsanso kwa obwera kumene. Apa pafunika kusamala: buku lakale la masamu likhalabe labwino, koma la mankhwala kapena la malamulo lingasokeretse, popeza zinthuzi zimasintha.

Cacinayi, kuyambira mu 2012 bungwe la OpenStax, la pa Rice University ku America, laika mabuku a ku koleji pa intaneti kwaulere, ndipo limalola kuwasindikiza. Sitolo ingawasindikize ndi kuwasoka, wophunzira nalipira mtengo wa mapepala ndi inki cabe.

Nafenso makolo tili ndi mbali yathu. M'nyumba zambiri muli mabuku a ana amene anamaliza kale, akungodyedwa ndi ciswe m'makatoni. Tiwatulutse, tiwapereke ku sitolo ya koleji kapena kwa mwana wa mnansi. Ndipo pokonza ndalama za caka ca mawa, tilembemo buku pafupi ndi thumba la ufa.