Asisitere 678 Amene Anapereka Ubongo Wawo

Amayi anzanga, zina mwa zimene timaphunzitsa anamwino athu za matenda oiwalaiwala a okalamba tinazidziwa chifukwa cha asisitere. Mu 1986 Dr David Snowdon anayamba kafukufuku pakati pa asisitere a chipani cha School Sisters of Notre Dame ku America. M'kupita kwa nthawi asisitere 678, onse a zaka 75 kupita m'tsogolo, anavomera kuyezedwa nzeru chaka ndi chaka, ndiponso kuti akamwalira ubongo wawo udzaunikidwe. Si chinthu chapafupi kuvomera chimenechi.

Snowdon sanali yekha. Ku University of Kentucky, Dr William Markesbery ndiye ankaunika ubongowo. Anapeza zodabwitsa. Sister Mary anamwalira ali ndi zaka 101, ubongo wake uli ndi zizindikiro zambiri za matenda a Alzheimer, koma mutu wake unkagwira bwino mpaka kumapeto. Mu 1997 anafalitsa kuti mwa asisitere amene anali ndi zizindikirozi, oiwala kwambiri anali amene anagwidwanso ndi timasitiroko ting'onoting'ono.

Timasitiroko timeneti kawirikawiri timayamba chifukwa cha BP yokwera, ndipo munthu amatha kugwidwa nato osadziwa. Choncho agogo akamakana mankhwala a BP ponena kuti palibe pamene pakuwapweteka, musawagonjere.