Makina Osindikizira Mabuku: Luso Limene Lidasintha Chikhalidwe cha Anthu

Tikamatsegula Baibulo kapena katekisimu ku mphakati, sitikumbukira kuti kalelo buku lidali chuma cha mafumu, maepiskopi ndi anthu olemera okha. Ku Ulaya mabuku ankakopedwa pamanja, kawirikawiri pa zikopa za ana a ng'ombe ndi nkhosa, ndipo mlembi mmodzi ankatha chaka kapena kupitirira kuti amalize Baibulo limodzi. Chidasintha zonsezi ndi makina osindikizira mabuku.

Luso losindikiza lidayambira ku Asia. Ku China, cha m'ma 1040, Bi Sheng adaumba zilembo zadothi zotha kusunthidwa, ndipo ku Korea buku lotchedwa Jikji lidasindikizidwa ndi zilembo zachitsulo mu 1377. Koma amene adafalitsa lusoli ku Ulaya ndi Johannes Gutenberg wa mumzinda wa Mainz ku Germany, cha m'ma 1450. Iye ankaumba chilembo chilichonse pachokha ndi mtovu wosakaniza ndi zitsulo zina, n'kuzindandalika kuti zipange tsamba. Akazipaka inki yamafuta, ankazidinda pa pepala ndi chipangizo chofanana ndi chofinyira mphesa. Tsamba likatha, zilembo zomwezo ankazimasula n'kupangira tsamba lina. Cha m'ma 1455 adatulutsa Baibulo la Chilatini, makope pafupifupi 180, la mizere 42 pa tsamba. Pofika chaka cha 1500, makina otere adali atafika m'mizinda yoposa 200 ya ku Ulaya.

Choyamba chimene chidasintha ndi maphunziro. Popeza makope onse ankafanana, akatswiri a m'maiko osiyana adayamba kuwerenga tsamba limodzimodzi ndi kukonzana zolakwa. Mu 1543 mudatuluka mabuku awiri otchuka: la Nicolaus Copernicus lofotokoza kuti dziko limazungulira dzuwa, ndi la Andreas Vesalius losonyeza ziwalo za thupi la munthu m'zithunzi. Mu 1605 Johann Carolus adayamba kusindikiza nyuzipepala ya mlungu ndi mlungu ku Strasbourg, ndipo chizolowezi chowerenga nkhani za kutali chidayamba kukhazikika.

Chipembedzo nacho chidagwedezeka. Maganizo a Martin Luther a mu 1517 adawanda mwachangu chifukwa cha timabuku tosindikizidwa, ndipo Akhristu a ku Ulaya adagawikana. Mpingo wa Katolika nawo udagwiritsa ntchito makina omwewo. Utatha Msonkhano wa ku Trent, kudatuluka Katekisimu wa Chiroma mu 1566 ndi buku la Misa la Papa Pius V mu 1570. Kale mapemphero a Misa ankasiyana dera ndi dera. Tsopano zidatheka kuti ansembe a maiko ambiri awerenge mawu ofanana pa guwa.

Zilankhulo zidapindulanso, chifukwa wosindikiza amayenera kusankha kalembedwe kamodzi ka liwu lililonse. Ngakhale Chichewa chathu chidadzera njira imeneyi. David Clement Scott adatulutsa buku lomasulira mawu a Chimang'anja mu 1892, Buku Lopatulika lidasindikizidwa mu 1922, Malembo Oyera mu 1966, ndipo Buku Loyera, limene Akatolika ndi mipingo ina adamasulira limodzi, lidatuluka mu 1998. Makolo athu ambiri adaphunzira kuwerenga pa mabuku a mishoni.

Komabe tisaiwale kuti makina sasankha chowona ndi chonama. Amangochulukitsa chimene apatsidwa. Cha m'ma 1486 wansembe wina wa chipani cha Dominican, Heinrich Kramer, adalemba buku lotchedwa Malleus Maleficarum lofotokoza za kusaka ndi kuweruza mfiti. Bukuli lidasindikizidwa kambirimbiri ndipo lidathandiza kukolezera mantha. M'zaka mazana otsatira, anthu zikwi makumi angapo, ambiri mwa iwo amayi, adaphedwa ku Ulaya powaganizira ufiti. Luso limene lidafalitsa Mawu a Mulungu ndi lomwelo lidafalitsa bodza lakupha.

Phunziro limeneli likutikhudza lero, pamene foni ya m'manja yasandutsa aliyense wa ife kukhala wosindikiza. Uthenga umene tatumiza pa WhatsApp kapena Facebook umafika kwa anthu ambiri m'kanthawi kochepa, kuposa makope onse a Baibulo la Gutenberg. Mu 1963, Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udatulutsa chikalata cha Inter Mirifica, chimene chidayamikira njira zofalitsira nkhani, komanso chidakumbutsa kuti olemba ndi olandira omwe ali ndi udindo wosankha zabwino. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Choncho tisanatumize nkhani yonena za mnzathu, makamaka yomunamizira gogo wina ufiti, tiyambe tafufuza kumene yachokera, ndipo akatekisiti aphunzitse achinyamata athu kuchita chimodzimodzi.